Pulse oximeter ya m'famase: ikakuopsezani imvereni, ikakutonthozani yang'ananinso wodwalayo

M'chikwama cha timu yathu muli mabandeji, mankhwala opaka minyewa, wezulo ndi pampu ya mpira, ndipo chiyambire nthawi ya Covid-19 mulinso kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni m'magazi kamene azachipatala amati pulse oximeter. Anzanga ophunzitsa mpira wa achinyamata kuno ku Nkhotakota, makamaka a ku Dwangwa ndi ku Benga amene timakumana nawo m'mipikisano, akhala akundifunsa ngati n'koyenera kuonongerapo ndalama. Yankho langa ndi lakuti gulani, koma mudziwiretu kuti nthawi zina kamanama, ndipo bodza lake limagwera kwambiri ife akhungu lakuda.

Kangaka ndinakagula m'famase ina pa boma pompano. N'ka ku China, kopanda dzina lodziwika, koyera ndi buluu, kokwana m'chikhatho. Kamayendera mabatire awiri a AAA, omwe aja a rimoti, ndipo m'bokosi munalibe, ndinachita kugula padera. Mtengo wake panthawiyo sunafike pa mtengo wa mpira wabwino woseweretsa machesi. Munali kachingwe kokolekera m'khosi ndi kapepala ka malangizo ka tizilembo tofuna magalasi, m'Chingerezi chopotoka. Chichewa musachiyembekezere. Anyamata anga anakapatsa dzina loti kang'ona chifukwa cha mmene kamayasamira n'kuluma chala.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Mumalowetsa chala, n'kudina batani limodzi lokhalo limene lilipo. Mkatimo muli kuwala kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso, kumene kumadutsa m'chala, ndipo magazi odzaza okosijeni amamwa kuwalako mosiyana ndi magazi operewera okosijeni. Nzeru imeneyi inachokera kwa injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, m'zaka za m'ma 1970. Pakapita kanthawi kochepa pamatuluka manambala awiri. Yolembedwa SpO2 ndiyo ya okosijeni m'magazi, yolembedwa PR ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Apa pali msampha woyamba, chifukwa mukadinanso bataniyo manambala amatembenuka, ya m'mwamba n'kupita m'mbali. Goloboyi wathu ataona 56 anatuwa nkhope, kuganiza kuti zake zada, pamene imeneyo inali ya mtima. Kwa mnyamata wothamanga tsiku ndi tsiku, mtima kugunda ka 56 ali phee si matenda. Okosijeni wake anali pa 98.

Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 95 ndi 100. Wodwala chifuwa akayamba kuonetsa 94 kutsika m'munsi, ameneyo aonane ndi achipatala tsiku lomwelo. Ikatsika pansi pa 90, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthuyo akufunika okosijeni, ndiye palibenso zodikira kuti kuche.

Mwina mukudabwa kuti kochi wa anyamata amphamvu, odya nsima ya kondowole ndi usipa wongovuula kumene, akufuniranji chipangizo cha odwala. Chinandikankha ndi maliro a anthu amene sitinkaganiza kuti mpweya ungawathere. Muhammad Ali, katswiri wa nkhonya uja anagwetsa George Foreman ku Kinshasa mu 1974, anagonekedwa m'chipatala ku Arizona mu June 2016 chifukwa cha vuto la kupuma, ndipo pa 3 June anamwalira matenda atalowerera thupi lonse, ali ndi zaka 74. Munganene kuti Ali anali atakula, komanso anadwala matenda onjenjemera a Parkinson's zaka zoposa 30. Chabwino. Leopoldo Luque wa ku Argentina anamwetsa zigoli zinayi pa World Cup ya 1978, anabwerera m'bwalo chigongono chitaguluka, mchimwene wake atangofa kumene pangozi ya pamsewu mpikisano uli mkati. Munthu wopirira chotero Covid-19 inamutenga mu February 2021. Iyeyu anali ndi zaka 71, munganenenso za ukalamba. Nanga Shobushi, wolimbana wa masewera a sumo ku Japan, amene anamwalira mu May 2020 ali ndi zaka 28 zokha? Anali ndi matenda a shuga, ndipo atayamba kutentha thupi panadutsa masiku asanapeze chipatala chomugoneka. Nanga Ian Matos wa ku Brazil, katswiri wodumphira m'madzi amene anapikisana nawo pa Olympics ya ku Rio mu 2016? Matenda ake anayambira pakhosi, n'kufika m'mapapo, ndipo anamwalira mu December 2021 ali ndi zaka 32. Munthu woti ntchito yake inali ya m'madzi, mapapo ake ozolowera kugwira mpweya.

Kwathu kuno tinaona tokha pa 12 January 2021, nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19. Masiku amenewo ndi pamene tinayamba kumva pa wailesi kuti munthu atha kuchepekedwa okosijeni kwambiri iye akucheza bwinobwino, osadzimva kubanika. Ndi m'nyengo imeneyo mmene ndinalowa m'famasemo.

Covid-19 inazilala, koma chibayo, chifuwa chachikulu ndi mphumu sizinapite kulikonse. Ndipo wosewera mpira ali ndi vuto lake lapadera, limene timamupatsa ndife makochi. Timamuphunzitsa kupirira. Akagwa timati dzuka, mwamuna salira. Akamapuma mwawefuwefu timati onjezera raundi ina. Ndiye tsiku limene mapapo ake adzala mafinya, iye amachita zomwe tinamuphunzitsazo, ndipo thupi lolimba limamuthandiza kubisa mpaka zinthu zitafika poipa. Munthu wotere simungamugonjetse ndi mawu okha. Nambala imathandiza.

Ndinazionera pa nambala 6 wathu, mnyamata wa kufupi ndi Chia amene usiku amapita panyanja ndi malume ake kukapha usipa. Inali nyengo ya mwera, mphepo ija imalowa mpaka m'mafupa kwa munthu wonyowa ali m'bwato usiku wonse. Anabwera ku tireningi akutsokomola, Loweruka tili ndi gemu.

"A Kochi, ndi chimfine chabe ichi. Ndikathamanga chituluka ndi thukuta."

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mawu ochepawa sanawamalize ndi mpweya umodzi, anapumira pakati. Ndinamukhazika pamthunzi, kumuuza kuti apume kaye, kenako kang'ona kanaluma chala. Kanalemba 88. Ndinamuuza afikise manja atenthe, tinayesa dzanja linalo, 89. Mtima unkagunda kupitirira 120 munthu atangokhala. Atakoka mpweya kwambiri anagwira m'nthiti kumanja.

Mayi ake tinawapeza akuanika nsomba pathandala. Anali atamugulira kale mapiritsi pagolosale, atamuphikira jinja ndi mandimu, atamufukiza ndi masamba a bulugamu. Sanalekerere mwana wawo ayi, anachita zonse zimene amadziwa.

"Aphunzitsi, kwada kale. Tipita mawa m'mawa, ndalama ya njinga ndiipeza ndikagulitsa nsombazi."

"Mayi, tabweretsani chala chanu." Kanalemba 97. Tinabwezera pa chala cha mwana wawo, 88. "Mukuona kusiyanaku? Ya njinga ndilipira ine, tiyeni tinyamuke pompano."

Sanayankhe, anangolowa m'nyumba kukatenga chitenje ndi buku la kuchipatala. Kuchipatala anati ndi chibayo, anamugoneka, anamuika pa okosijeni ndi kumubaya jakisoni. Anachira. Dokotala anamuletsa kubwerera m'bwalo msanga, ndipo anandiuza ine pamaso pake kuti munthu wotentha thupi asamathamange, chifukwa tizilombo tina toyambitsa chimfine timatha kutupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuukakamiza mtima wotero n'kuika moyo pachiswe. Gemu ija tinaluza 2-0, pakati panali pobooka, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pa tsiku limenelo kachipangizoka kanabweza ndalama zanga zonse. Tsopano ndinene zoipa zake, pakuti n'zambiri ndipo wogulitsa sakuuzani.

Zing'onozing'ono n'izi. Padzuwa la kuno galasi lake silioneka, ndipo kuwala kwambiri kumasokoneza muyeso, ndiye muzichita kuphimba dzanja ndi jezi. Chala chozizira kapena chonyowa kamachikana, kamangophethira timizere osatulutsa nambala, kapena kutulutsa yotsika yoopseza chabe. Kwa asodzi ongotsika m'bwato zimenezi n'zachizolowezi. Wodwala akamanjenjemera ndi malungo manambala amangodumphadumpha. Atsikana a netiboli amene timabwerekana nawo bwalo anandiphunzitsa kuti kyutekisi wakuda kapena wabuluu amakasokoneza, mpofunika kufufuta kapena kupana chala cham'mbali. Zala za anyamata opalasa ngalawa zili ndi zikang'a zokhuthala, ndipo kwa ena ndimapeza nambala yokhazikika pa chala chapakati kapena cha mphete, osati cholozera. Zonsezi zimangotopetsa, koma sizipha munthu, chifukwa kulakwa kwake kumakuthamangitsirani kuchipatala.

Loopsa ndi bodza lotonthoza. Mu December 2020 madokotala a ku University of Michigan anafalitsa kafukufuku m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Anayerekeza nambala ya pachala ndi muyeso weniweni wa magazi otengedwa mumtsempha. Pa nthawi zimene oximeter inkaonetsa pakati pa 92 ndi 96, odwala akuda okwana 11.7% anali kale pansi pa 88, pamene kwa azungu anali 3.6%. Ndiye kuti kwa munthu wakuda mpata woti kachipangizoka kabise vuto ndi wochuluka pafupifupi katatu. Ndipo amenewo anali makina a m'zipatala za ku America, osati kanga ka m'famase. Chaka chotsatira bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza za zomwezi, n'kunena kuti ngakhale oximeter yovomerezeka ikalemba 90, zoona zake zitha kukhala paliponse pakati pa 86 ndi 94. Pa bokosi la kanga analembapo kuti kamaphonya ndi 2 yokha. Sindikhulupirira.

Ndinakumana nazo kwa malume anga, bambo wachikulire amene wakhala zaka zambiri akuwamba chambo ndi mlamba mu utsi. Anadwala chifuwa, ana awo anandiitana kuti ndibwere ndi "makina aja". Kanalemba 95. Ana aja anapumira m'mwamba, wina mpaka anati ndiye kuti ali bwino, tiwagulire Panado basi. Koma malume ankapuma mothamanga, mapewa akukwera ndi kutsika, ndipo ankayankha mawu amodziamodzi. Ndinawerenga ndi wotchi ya pafoni, anapuma koposa ka 30 pa mphindi, pamene wamkulu wopuma bwino amakhala pakati pa 12 ndi 20.

"Malume, makinawa akuti muli bwino, koma maso angawa akukana. Tiyeni tikaonane ndi adokotala."

"Iwe mphwanga, ndiye unabweretseranji makinawo?"

Funso lawo linali lolondola, ndipo ndinalibe yankho lokoma. Tinapitabe. Makina a kuchipatala analemba nambala yotsikirapo kuposa ya kanga, anawagoneka, ndipo atayeza makhololo anapeza chifuwa chachikulu. Anayamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi aja, omwe m'zipatala za boma ndi aulere. Apa ndi pamene ndimawauza anzanga kuti TB kang'ona sikaiona. Munthu atha kutsokomola mwezi wathunthu, kuonda, kutuluka thukuta usiku, nambala ili pa 97. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, chofunika ndi kukapereka makhololo, osati kupanitsa chala.

Pali mabodza ena awiri amene amatikhudza ife a m'mbali mwa nyanja. Loyamba ndi la kuchepa kwa magazi. Kachipangizoka kamayeza kuti magazi amene alipowo anyamula okosijeni wochuluka bwanji, sikayeza kuti magaziwo alipo ochuluka bwanji. Mwana amene malungo amuthera magazi, zikhatho zayera, atha kuonetsa 98 ali pangozi. Kuno kumene malungo ndi likodzo zili ngati za pakhomo, zimenezi muzizikumbukira. Lachiwiri ndi la makala. Mu June ndi July anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mawindo. Mpweya woipa wa makala, carbon monoxide, umakakamira m'magazi pamalo pa okosijeni, ndipo oximeter wamba sisiyanitsa. Munthu mutu ukumuwawa, akuchita chizungulire, akusanza, iko kakulemba 99. Wotero mutulutseni panja ndi kuthamangira naye kuchipatala, za nambala zisiyeni.

Kwa ana aang'ono kangaka n'kopanda ntchito. Kukamwa kwake n'kwa chala cha munthu wamkulu, kachala ka khanda kamangosambira mkatimo. Amayi a m'mudzi mwathu atamva kuti ndili nako anayamba kubwera ndi ana kumbuyo, ndipo ndimawabweza ndi malangizo amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo, omwe ndi odalirika kuposa kachipangizo kanga. Vulani mwana malaya ali phee, muwerenge kupuma kwake mphindi yathunthu. Wosakwana miyezi iwiri akafika ka 60, wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika ka 40, kumeneko ndi kupuma mothamanga. M'munsi mwa nthiti mukamalowa mkati pokoka mpweya, kapena mwana akukana kuyamwa, akungogona, akukomoka, nyamukani. WHO imati mu 2019 chibayo chinapha ana osakwana zaka zisanu oposa 740,000 padziko lonse. Dziko lathu linayamba kupereka katemera wa chibayo wa PCV13 kwa makanda mu 2011, ndipo mayi wopita ndi mwana kusikelo mokhulupirika wachita chachikulu kuposa wogula oximeter.

Za famase imene ndinagulako ndinenepo pang'ono. Mtsikana wogulitsayo anali waulemu, anandilola kuyesa pachala changa ndisanalipire, koma za khungu, za makala kapena za ana sanatchulepo, ndipo ndikukayika ngati iye mwini anauzidwapo. Chimene sichinandisangalatse n'chakuti ndili pomwepo munthu wina anagula makapisozi anayi a amoxicillin opanda chikalata cha dokotala, akuti a chifuwa. Makapisozi anayi sachiza chibayo. Amangoziziritsa matenda masiku awiri, munthu n'kuchedwa kupita kuchipatala, tizilombo n'kuzolowera mankhwala. Anyamata anga ndinawaletsa zimenezi, ngakhale ndikudziwa kuti ena amagulabe mobisa kuti ndisawachotse pa mndandanda wa Loweruka.

Lamulo la timu yathu tsopano ndi losavuta, ndipo makolo ndinawauza pamsonkhano. Wotentha thupi sasewera, kaya nambala ikhale 100. Wotsokomola amene akulephera kumaliza chiganizo, akumva kubaya m'nthiti, milomo kapena lilime zasintha mtundu, kapena akulavula magazi, amapita kuchipatala, ndipo oximeter ndimaitulutsa pongofuna kugonjetsa makani ake kapena a kwawo. Ikalemba nambala yotsika kawiri, chala chili chotentha, ndimaikhulupirira. Ikalemba yokwera munthu akuoneka wodwala, ndimakhulupirira maso ndi wotchi. Tili ndi anyamata awiri a mphumu, ndipo kwa iwo chofunika m'chikwama ndi inhela yawo ya salbutamol. Mphumu ikagwira, nambala imatha kukhalabe yabwino poyamba mwana akuvutika kale, ndiye wodikira kuti itsike ndi amene amachedwa.

Nzeru ina imene ndinatengera kwa namwino wina wopuma pantchito wa kutchalitchi kwathu ndi yoyeza aliyense ali bwino, kumayambiriro kwa sizoni, n'kulemba m'kope. Mukadziwa kuti mnyamata uyu masiku onse amakhala pa 98 ndipo mtima wake pa 60, tsiku limene aonetse 94 ndi 100 mudziwa kuti china chake chalakwika, ngakhale manambalawo paokha sakuoneka oopsa. Anandiuzanso kuti ndizimuyendetsa wodwala pang'ono pabwalo n'kuyezanso, chifukwa mapapo odwala amatha kubisa munthu atakhala, n'kuulula akangoyenda.

Kulimba kwake n'kwapakatikati. Kagwapo pansi kangapo osasweka, koma kachitseko ka mabatire kanathyoka ndipo ndimamanga ndi mphira. Chinyezi cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri tizitsulo ta mkati, makamaka mukasiya mabatire otchipa momwemo n'kutayikira, ndiye ndimawachotsa ndikamaliza n'kuwasunga m'kabotolo kouma. Mabatire akayamba kutha manambala amayamba misala kachizindikiro kochenjeza kasanayake.

Amene mukufuna kugula, sankhani kamene kamaonetsa kamzere kokwera ndi kutsika motsatira kugunda kwa mtima, chifukwa kamzereko kakakhala kosongoka bwino ndi kofanana mumadziwa kuti chala chagwidwa bwino, kakamasokonekera nambalayo ndi yotaya. Werengani bokosi, chifukwa tina timalembedwa kuti n'ta masewera ndi okwera ndege basi, osati ta odwala. Ndipo mukagula, tsiku limene mwapita kuchipatala pa zifukwa zina mukatenge, mupemphe anamwino mwaulemu kuti muyerekeze ndi makina awo pa dzanja lomwelo. Kanga kamaposa a kuchipatala ndi 2, nthawi zina 3, ndipo ndinalemba zimenezo ndi pentopeni kuseri kwake kuti wothandizira wanga akakatenga ine kulibe azichotsera.